Ndinafunsa za Sitolo ya Achimwene

9 Febuluwale

Achimwene,

Moni kumeneko. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Amayi, mawondo aja akuwalola kuyenda? Ine kuno ndili bwino, kungoti ndili ndi chimfine chifukwa cha makina oziziritsa mu ofesi, amene abwana athu amawayatsa ngati akusunga nyama.

Mudabwa kuona kalata yochokera kwa ine, munthu woimba foni mphindi ziwiri n'kudula. Ndafuna tichezeko bwinobwino.

Lamlungu Amayi anandifunsanso ngati kuntchito kwathu tapeza mankhwala a nyamakazi. Chonde muwafotokozerenso kuti kafukufuku wanga si wa m'chipatala. Ife makampani amatipatsa ntchito yowafufuzira za malonda awo: chifukwa chiyani anthu asiya kugula sopo uyu, chifukwa chiyani banki iyi anthu akuithawa. Timafunsa anthu, timasanthula mayankho pa kompyuta, kenako timalemba lipoti. Basi. Kulibe chovala choyera, kulibe jakisoni.

Mwina simudziwa kuti chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi ndili pa mpando womwewo wa wothandizira. Kuno makwerero ake ali motere: umayamba ndi kufunsa anthu mumsewu, kenako umakhala wothandizira, kenako wotsogolera kafukufuku, pamwamba pake mkulu wa dipatimenti. Ine ndinakakamira pa sitepe yachiwiri. Kawiri konse andidumpha. Chaka chatha anakweza mnzanga amene ndinamuphunzitsa ndine kulemba mafunso, ati iye ali ndi madigiri awiri. Pa phwando lomuyamikira, wogawa mbale ndinali ine.

Tsopano abwana athu, amene timawatcha Mayi Magalasi chifukwa amasaka magalasi tsiku lonse ali nawo pamutu, andipatsa ntchito imodzi kuti ndiitsogolere ndekha. Akuti ikayenda bwino, mu Juni adzandiganizira. Dzina la kampani yake sindingakuuzeni, malamulo salola.

Koma zanga zakwana. Ndiuzeni za kusitolo kwanu. Ndazindikira kuti zaka zonsezi sindinakufunsenipo kuti ntchito yanu imayenda bwanji. Anthu akugula? Katundu amafika pa nthawi yake kuchokera kulikulu la kampani yanu? Nanga sitolo yatsopano ija munkanena, ya kutsidya kwa msewu, ikukuvutitsani? Mundilembere pa pepala, mwatsatanetsatane, chifukwa za pafoni ndimaiwala.

Ndine mlongo wanu,
Mzime

22 Febuluwale

Mzime,

Kalata yako inandipeza pa sikelo ndikuyeza misomali. Ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaitana anzanga awiri ndimagwira nawo aja, mayi wa pa kauntala ndi mkulu wonyamula katundu. Ndinati, "Taonani, wophunzira wa kwathu akufunsa za sitolo yathu." Tonse kuno tili bwino. Amayi mawondo ndi omwe aja, koma pakamwa pali bwinobwino.

Za kudumphidwazo usade nazo nkhawa. Iwe mutu uli nawo kuyambira kale. Adzakuona.

Wafunsa za sitolo, ndiye khala pansi. Ndakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikuyang'anira nthambi ino. Kale omanga nyumba ankafola pakhomo ndisanatsegule. Lero ndimatsegula, ndimasesa, ndimapukuta zitini za penti, n'kukhala pansi. Denga la kosungira katundu likudontha chaka chachitatu tsopano. Ndalemba makalata kulikulu mpaka dzanja kuwawa, yankho lake n'lakuti "tikuziona". Mvula ya mwezi watha inanyowetsa matumba makumi atatu a simenti, anauma gwa, moti pano tikukhalira ngati mipando. Lole imabwera kamodzi pa masabata asanu, ndipo imabweretsa zimene sitinaitanitse. Ndinapempha malata ndi mahinjesi a zitseko, anditumizira zitini makumi anayi za penti wapinki. Ndani kuno angapake nyumba yake pinki?

A kutsidya kwa msewu ali ndi zonse, ndipo katundu amakakutulira pamalo pomwe ukumanga. Tsono munthu akabwera kwa ine kufuna mapaipi, ine ndilibe, ndimuuze chiyani? Ndimatuluka naye pakhomo n'kumulozera. Kunena zoona, ine masiku ano ndasanduka chikwangwani cholozera anthu kutsidya kwa msewu. Kulikulu atamva zimenezi angandidye wamoyo, koma iwe ndiwe wanga.

Lachinayi ndimatsegula mochedwa chifukwa ndimayamba ndaperekeza Amayi kuchipatala. Palibe amene amadandaula, poti palibe amene amadikira.

Alamu ako akuti mafunso amenewa si achabe, ati ukundisakira ntchito mumzinda. Ndawauza kuti asiye maloto. Ine ndikuti wangokula basi, wakumbukira kuti uli ndi mchimwene. Ndasangalala kwambiri. Ulembenso.

Mchimwene wako

4 Malichi

Achimwene,

Moni nonse. Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Za penti wapinki zija ndinaseka ndekha mu basi mpaka anthu kundicheukira.

Alamu muwauze kuti za ntchito ya mumzinda palibe chimene ndalonjeza, asayembekezere kanthu. Ndikungofuna kudziwa.

Ndili ndi mafunso ena pang'ono, ngati sindikukutopetsani. Pa tsiku mumalowa anthu angati? Mwa amenewo, ndi angati amatuluka atagula kanthu? Omanga nyumba amene anasiya kubwera, mukakumana nawo amati chinawachotsa n'chiyani? Denga litakonzedwa, lole n'kumabwera sabata iliyonse, mukuganiza kuti angabwerere?

Kuno ntchito yandipanikiza. Ndikuyenda m'madera ambiri ndi gulu la anthu asanu ndi atatu ofunsa mafunso, ndipo onse maso ali pa ine. Mayi Magalasi akuti manambala ndimawatha, koma malipoti anga amakhala ouma, mulibe mawu a anthu enieni. Ndikuyesetsa kukonza zimenezo.

Moni kwa Amayi.

Mzime

25 Malichi

Mzime,

Tili bwino, kaya iwe ndi chimfine chako chija. Pepa ndachedwa kuyankha. Sindinafune kukupatsa zongoganizira, poti iwe ndiwe munthu wa manambala. Ndinagula kope n'kuliika pa kauntala, ndipo kwa masabata awiri aliyense wolowa timamulemba kamzere. Wogula timamuzunguliza. Mkulu wonyamula katundu uja ndinamukhazika pakhomo kuti aziwerenga olowa kutsidya. Anasangalala zedi, akuti chiyambire ntchito sanapatsidwepo cholembera.

Tsiku labwino kwa ife mumalowa anthu makumi awiri ndi atatu, ogula asanu ndi anayi. Kutsidya amapitirira zana. Manambalawo si abwino, koma ndati ndikuuze zoona. Mapepala ake ndang'amba m'kope, ndaika momwemu.

Loweruka ndinayenda wapansi kukafunsa omanga nyumba asanu ndi mmodzi. Mmisiri wamtali uja anamanga khitchini ya Amayi anandiseka. Anati, "Bambo, ife timakukondani, koma chikondi sichifolera nyumba. Tipatseni malata." Onse ananena zofanana. Ndiye funso lako lomaliza lija yankho lake ndi ili: angabwerere. Mwina osati onse, koma theka lingabwerere, chifukwa a kutsidya sadziwa kulangiza munthu. Amangogulitsa.

Ukuona, nanenso ndasanduka wofufuza. Ukakwezedwa undilembe ntchito.

Nkhani yabwino ndi iyi. Lachiwiri kunabwera anthu awiri ochokera kulikulu ndi tepi yoyezera. Anayeza nyumba yonse, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kujambula zithunzi. Sananene zambiri, koma ine ndikuona kuti denga lija alikumbukira. Ndinawagulira zoziziritsa kukhosi.

Mchimwene wako

16 Meyi

Mzime,

Moni. Uli moyo? Miyezi iwiri yatsala pang'ono kukwana chikutumizire mapepala aja, koma zii. Foni ukaimba umafunsa za Amayi n'kunena kuti ukulowa mu msonkhano. Kaya mapepalawo anafika, kaya anakuthandiza, sindikudziwa. Ngati zolemba zanga sizinawerengeke, nena, ndikopere bwino.

Okonza denga sanabwerebe. Lole nayonso mwezi uno sinabwere.

Juni wayandikira. Tikukupempherera.

Mchimwene wako

21 Juni

Achimwene,

Moni nonse. Mundikhululukire chifukwa chokhala chete. Mapepala aja anafika, ndipo anawerengeka bwinobwino. Zikomo.

Andikweza. Kuyambira pa 1 Julayi ndine wotsogolera kafukufuku. Lipoti lija eni ake analikonda, moti apatsa kampani yathu ntchito ina ya zaka ziwiri. Mayi Magalasi analengeza pamaso pa onse Lachisanu, anthu anaomba m'manja. Andipatsa kachipinda kangakanga, kokhala ndi chitseko ndi zenera loyang'ana koimika magalimoto. Pansi panga pakhala anthu anayi.

Chonde musachite phwando, ndipo Amayi asalengeze paliponse. Si nkhani yaikulu monga ikumvekera.

Kodi kulikulu kwanu anenapo chilichonse? Mukamva kanthu mundiuze msanga. Komanso, achimwene, munaganizapo zoyang'ana ntchito kwina? Munthu wodziwa zipangizo zomangira ngati inu angafunidwe malo ambiri. Ndikungonena.

Sindibwera mwezi uno. Ntchito yachuluka.

Mzime

3 Julayi

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo zopindika.

Ndamva. Ndinavina pakhonde ndi mawondo omwewa mpaka mlamu wako kundigwira. Ukuti ndisalengeze? Wachedwa. Kutchalitchi akudziwa, kuchipatala anamwino akudziwa, ngakhale wogulitsa makala akudziwa. Ndikuwauza kuti mwana wanga tsopano ali ndi chitseko chake, ofuna kumuona amagogoda.

Mchimwene wako ndiye wanyada kuposa ine. Akuuza aliyense kuti anakuthandiza ndi kope lake. Wayamba kuyenda ndi cholembera m'thumba la malaya ngati kalaliki. Anakugulira chikwama chachikopa chonyamulira mapepala, akuchisunga pamwamba pa kabati kuti ana asachigwire. Usamuuze kuti ndakuuza.

Bambo ako akanakhala moyo akanalira. Ubwere tidzakuone. Kodi ukudya mokwanira? Pafoni mawu ako akumveka ngati munthu wodwala.

Mayi ako

12 Ogasiti

Alamu,

Moni sindipereka wambiri. Ana ali bwino. Ndalemba ine chifukwa achimwene anu akana kugwira cholembera.

Sitolo aitseka. Lolemba lapitali kunabwera bwana wa kulikulu ndi galimoto yoyera. Anawakhazika atatu onse pa matumba a simenti youma aja, iye ataimirira. Anati nthambi zisanu ndi imodzi zikutsekedwa kutha kwa mwezi uno, ndipo nyumbayo aigulitsa, n'chifukwa chake anadzayeza. Achimwene anu anafunsa kuti bwanji osangokonza denga n'kutumiza katundu. Bwanayo anatulutsa buku lachikuto chabuluu. Anati, "Si maganizo anga, akatswiri anafufuza. Ngakhale anthu athu omwe ataya mtima. Tamvani zimene woyang'anira nthambi wina ananena." Ndiye anawerenga mokweza kuti, "Ine masiku ano ndasanduka chikwangwani cholozera anthu kutsidya kwa msewu."

Mayi wa pa kauntala uja anawayang'ana achimwene anu, chifukwa nthabwala imeneyo amaidziwa. Bwanayo anapitiriza kuwerenga za anthu makumi awiri ndi atatu, ogula asanu ndi anayi. Mkulu wonyamula katundu anati, "Aa, amenewo ndi manambala athu aja." Achimwene anu anapempha kuona bukulo. Pachikuto panali dzina lanu.

Anabwera kunyumba masana dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo. Anakhala pa bedi osavula nsapato. Nditawafunsa anangoti, "Ndawachotsetsa ntchito anzanga ndi dzanja langa."

Ine ndinkaganiza kuti mukuwasakira ntchito. Ndinali chitsiru. Koma iwo ankaganiza kuti mwayamba kuwakonda, ndiye kaya chitsiru chachikulu ndani.

Alamu, munthu ameneyu anasiya sukulu bambo anu atamwalira kuti inu mupitirize. Sanakuuzenipo mokudandaulirani, ndipo akadziwa kuti ndalemba zimenezi andikalipira. Ine sindikufuna kanthu kwa inu. Musatumize chilichonse, tidzabweza. Ndikungofuna mundiyankhe funso limodzi, poti inu mafunso mumawadziwa. Pamene munkalemba kalata yoyamba ija, munkadziwa?

Amayi sitinawauze. Akudziwa kuti sitolo ikutsekedwa, koma za bukulo ayi. Akuti, "Mwayi wake mlongo wake wakwezedwa, amuthandiza." Dzulo anaphikira mayi wa pa kauntala uja tiyi n'kumamusimbira za chitseko chanu. Mayiyo ali ndi ana atatu, mwamuna alibe. Anamwa tiyiyo, anathokoza n'kumapita.

Mlamu wanu

19 Ogasiti

Achimwene,

Sindikudziwa ngati ndili woyenera kukupatsani moni. Alamu andifunsa funso, ndipo yankho lake ndiyenera kupereka kwa inu.

Ndinkadziwa. Tsiku limene anandipatsa ntchito ija ndinaona dzina la kampani yanu, ndipo pa mndandanda wa nthambi makumi atatu zoti tifufuze, yanu inali ya nambala 19. Lamulo lathu limati ngati uli ndi m'bale kumalo ofufuzidwa, unene, ntchitoyo apatse wina. Fomu yake ndinaisaina kuti ndilibe. Palibe akanadziwa, poti kusukulu ndinalembetsa dzina la amalume, ndipo ndi limene lili pa mapepala anga. Ndinaopa kuti ndikanena, adzapatsa mnzanga wa madigiri awiri uja, ine n'kudikiranso zaka zina.

Sindinkadziwa kuti atseka nthambi yanu, koma ndinkadziwa kuti akufuna kutseka zina. Ndinadziuza kuti ndikakhala ine wolemba, ndidzakutetezani. Ndinadziuzanso kuti makalata ndi ongocheza. Koma munthu wongocheza sanena kuti "mundilembere pa pepala".

Oyang'anira nthambi ena onse amene tinawafunsa ankaopa. Ankangoti zonse zili bwino. Inu nokha ndi amene munanena zoona, chifukwa munkauza mlongo wanu. Mayi Magalasi atawerenga mawu anu aja anavula magalasi n'kunena kuti, "Eya, awa ndiye mawu a munthu. Mwawapeza kuti?" Ndinati, "Kwa woyang'anira wina amene sanafune kutchulidwa." Anati, "Muwaike patsamba loyamba." Ndipo ine, achimwene, ndinasangalala. Tsiku limenelo ndinasangalala.

Choipitsitsa ndi ichi. Mu lipoti loyamba ndinalemba njira ziwiri: kutseka, kapena kukonza madenga ndi kayendedwe ka malole kwa chaka chimodzi n'kuonanso. Ndinalembamo zija munanena kuti theka la omanga nyumba lingabwerere. Mayi Magalasi anati, "Anthu awa sanatilembe ntchito kuti tiwapatse njira ziwiri. Akufuna yankho limodzi. Wotsogolera amasankha. Inu mukusankha iti?" Anali atagwira cholembera, kalendala ili kumbuyo kwawo pakhoma, maso anga ali pa Juni. Ndinadziwa yankho limene eni kampani ankafuna. Ndinati, "Kutseka." Palibe anandikakamiza. Njira yachiwiri ija ndinaichotsa ndekha pa kompyuta yanga.

Za Lachinayi, zoti mumatsegula mochedwa, sindinalembe. Kwa miyezi inayi ndakhala ndikudzitonthoza ndi kanthu kameneko, ngati kuti ndinakuchitirani chifundo.

Kalata yanu ya mu Meyi ndinaiwerenga m'chimbudzi cha ku ofesi. Pamene munkati mukopere bwino, lipoti linali litapita kale. Ndikanakuuzani nthawi imeneyo mukanakhala ndi miyezi itatu yokonzekera, inu ndi anzanu. Ndinaopa mawu anu pafoni.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndimangofuna mudziwe kuti anzanu sanachotsedwe ndi dzanja lanu. Muwauze kuti ndine.

Mzime

17 Sepitembala

Achimwene,

Moni. Simunayankhe, ndipo ndikumvetsa. Foni ya Amayi ndikaimba amandiuza kuti mwatuluka, ngakhale ndikumva mukutsokomola chapafupi.

Ndawauza Mayi Magalasi zonse. Ndinalowa mu ofesi mwawo ndi kalata yosiya ntchito m'manja. Ndinkayembekeza kuti akalipa, mwina ndinkafuna kuti akalipe. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatseka chitseko. Anafunsa kuti, "Manambala aja anali abodza?" Ndinati ayi. "Mawu aja munapeka?" Ndinati ayi. Anati, "Ndiye lipoti lilibe vuto. Vuto ndi fomu munasaina ija. Eni kampani akamva, ntchito ya zaka ziwiri ija yatha, ndipo anthu anayi ali pansi panuwo apita kunyumba. Mukufuna kuwonjezera anayi pa atatu?"

Kalata yanga anandibwezera osaitsegula. Andilembera chenjezo limene likhale mu faelo yanga, ndipo andichotsa pa ntchito zonse za kampani yanu. Akuti za ukulu wa dipatimenti ndiiwale kwa zaka zingapo. Udindo wa wotsogolera sanandilande. Ndikutuluka anati, "Ine mchimwene wanga sindikanamuchita zimenezo. Koma lipoti linali labwino."

Ndiye ndikadali m'kachipinda kaja. Sabata ino ndimaphunzitsa ofunsa mafunso atsopano. Phunziro loyamba limati munthu asanayankhe, umuuze kuti ndiwe ndani, wakutuma ndani, ndipo mayankho ake apita kuti. Ndinawerenga zimenezo mokweza pamaso pa anthu khumi ndi awiri, iwo akulemba m'makope.

Kalata yosiya ntchito ija ili m'chikwama. Mukanena kuti ndiipereke, ndiipereka.

Mzime

8 Okutobala

Mzime,

Tili moyo. Makalata ako onse awiri ndinawerenga. Yoyamba ija ndinaiwerenga kamodzi n'kuiika pansi pa matiresi. Yachiwiri ndiyo yandichititsa kulemba, chifukwa wandifunsa zopusa.

Usasiye ntchito. Ukasiya, sitolo itsegulidwa? Tidzangokhala awiri pakhonde la Amayi kumayang'anana. Ndipo usandisenzetse ine chisankho chimenecho. Unasankha wekha poyamba, sankhanso wekha.

Ndakhala ndikuganiza masabata onsewa. Sitolo ija inali kufa, ndinkadziwa. Mwina wina aliyense akanalemba lipotilo akanati itsekedwe. Zimenezo ndikhoza kuzimeza. Chimene chikundikanika kumeza n'chakuti ukanandifunsa poyera, ukanati "achimwene, andituma kufufuza kampani yanu, ndithandizeni", ndikanakuthandiza. Mwina ndikanakuuza zomwezo. Koma ndikanakuuza ndikudziwa. Ndinayenda wapansi Loweruka lonse ndikumwetulira ngati wopenga, ndikuuza anthu kuti mlongo wanga akufuna kudziwa za ntchito yanga. Manyazi amenewo ndi amene akundilepheretsa kudutsa pamsika.

Ndayamba ntchito kutsidya kuja. Ndili pa kauntala, wondiyang'anira ndi wamng'ono kwa ine ndi zaka khumi ndi zisanu, koma ndi waulemu. Omanga nyumba akabwera amafuna ine. Mkulu wonyamula katundu uja ndinamupemphera malo, amutenga. Mayi wa pa kauntala malo sanapezeke. Akugulitsa zovala zakale pa siteji ya basi. Ndinamuuza zimene unati ndimuuze. Anati, "Ndamva."

Ngati uli ndi mphamvu pa mpando wakowo, lemba njira yachiwiri ija, ya madenga ndi malole, uwapatse abwana ako aitumize. Kwa ife kwatha, koma pali nthambi zina makumi awiri ndi zinayi, ndipo madenga ake ndikuwadziwa.

Kukhululuka usandifunse panopa. Sindikukana, koma sindinafike.

Tsopano za Amayi. Akufunsa tsiku lililonse chifukwa chake sukubwera, ndiponso chifukwa chake ndimatuluka foni yako ikalira. Aganiza kuti ndikuchita nsanje ndi kukwezedwa kwako, moti Lamlungu anandikhazika pansi n'kundilangiza za nsanje kwa ola lathunthu, mkazi wanga akumva. Ndinangoti, "Ndamva, Amayi." Sindiwauza ine, ndipo alamu ako ndawaletsa. Udzawauza ndiwe, ndi pakamwa pako, ine ndili pomwepo.

Ubwere Loweruka, basi imafika masana. Ndapempha kuweruka msanga. Ukatsika udzamuona mayi uja ndi mulu wake wa zovala pafupi ndi mpopi, usamulambalale, umupatse moni. Ine ndidzakhala ndaima chapomwepo. Ndidzakunyamulira katundu, koma panjira usayembekezere kuti ndiyankhula zambiri.

Mchimwene wako